Laser pa kamkono ka loboti: yambani mwakhoma bokosi

Achimwene ena a ku Luchenza anditumizira imelo. Ali ndi kamkono ka loboti ka patebulo, ka Dobot Magician, ndipo akufunsa ngati n'kwanzeru kugula mutu wa laser, kachipangizo kolemba powotcha ndi kuwala kwamphamvu, kuti azilemba mayina pa timatabwa tokolekapo makiyi n'kumagulitsa. Afunsa za mtengo, afunsa za mawaya. Za maso sanatchuleko, ndipo zimenezi n'zomwe zandivutitsa mtima.

Kanga ndimakagwiritsa ntchito m'kachipinda ka kuseri kuno ku Chitakale. Kale kankangojambula ndi cholembera, koma ana apafupi anali atazolowera kuunjikana pawindo akaweruka kusukulu, ena kuberekana kumsana kuti aone bwino. Tsiku lomwe mutu wa laser unafika ndinawayang'ana anawo, ndinayang'ana katoni, n'kuiika pamwamba pa kabati osaitsekula. Ndinapita kaye kwa kalipentala. Anandikhomera bokosi la plywood lokwana kamkono konse, ndinalipaka penti wakuda mkati, tinaboola kumbuyo n'kuikapo fani yakale ya kompyuta ndi paipi yotulutsira utsi panja. Amayi akunyumba ankati ndikuchulutsa zochita pa kachidole. Si kachidole ayi. Laser ya Dobot ndi ya 405 nm (nambala yosonyeza mtundu wa kuwala kwake), mphamvu yake 500 mW, pomwe tija tolozera pabolodi timayenera kuthera pa 5 mW. Kuwala kotere kukalowa m'diso kumawotcha kumbuyo kwake munthu asanaphethire, nthawi zina osamva kupweteka, ndipo powotchedwapo sipabwerera mwakale. Sikulira kuti mwana ayang'ane mwachindunji. Kuwalako kukhoza kunjanja pa supuni, pa mphete, pa mutu wa sikuluu, basi.

Ndiye ndinene mosabisa mawu: amene alibe ndalama ya bokosi ndi magalasi oyenera alibenso ndalama ya laser. Magalasi a dzuwa a pamsika sateteza kalikonse. Pamafunika olembedwa kuti amatchinga 405 nm, okhala ndi nambala ya OD yosonyeza kuchuluka kwa kuwala komwe amatchinga, monga OD4 kupita m'mwamba. Komanso magalasi amateteza wovala yekha. Mwana wapawindo amatetezedwa ndi bokosi.

Nkhani ya timatabwa ikundikumbutsanso msuweni wanga wogulitsa ziboliboli ku Likhubula. Atamva kuti ndili ndi makina olemba ndi moto anabwera ndi timabokosi ta mkungudza kuti ndilembepo "Sapitwa 3002 m", alendo azigula mokwera. Fungo lake linadzaza chipinda chonse, fungo lomwe tonse takulira nalo. Ndinakana. Anakwiya, ndipo ndimamumvetsa, ali ndi ana asukulu. Koma mkungudza wa Mulanje ndi mtengo wa fuko lathu, mwachilengedwe umamera paphiri lino lokha padziko lonse, ndipo ikuluikulu yatsala pang'ono kutheratu. Makina anga sathandizira kuumaliza. Nsungwi zilipo zambiri, ndipo zimalembeka bwino zedi, zilembo zake zimatuluka zakuda, zooneka patali. Paini amalembekanso, ngakhale utomoni umapangitsa kuti pena pade kwambiri pena pang'ono. Msuweniyo pano amabwera ndi nsungwi.

Chomwe musawotche n'komwe ndi PVC, kaya paipi, kaya chikopa chabodza cha zikwama. Utsi wake uli ndi chlorine, umapweteka mapapo n'kudyanso zitsulo za makinawo.

Tsono mugule kapena ayi?

Ngati n'zophunzirira, gulani mutu wa kampani yomweyo, umalowa pamalo ake popanda kudula waya ndipo pulogalamu ya DobotStudio imaudziwa kale. Tebulo likhale lathyathyathya, chifukwa mutu ukakwera kapena kutsika pang'ono kadontho ka kuwala kamafufuma, zilembo n'kuzimiririka. Yesani pa katoni mpaka kadontho kachepetsetse, ndipo lembani chapakati pomwe mkono umafika, osati kumapeto kwa 320 mm zake. Mphamvu ya 500 mW imangowaula pamwamba, sidula thabwa, pachitsulo silemba, komanso imachedwa. Lumikizani ku batire ndi inveta, chifukwa magetsi akathima pakati pa dzina thabwalo lawonongeka. Musachokepo ikugwira ntchito, thabwa limayaka.

Ngati cholinga ndi bizinesi ya timatabwa tambirimbiri, ndalamayo isungireni makina athyathyathya a 5 W kapena 10 W oyendera pulogalamu ya pa kompyuta ya LightBurn, kamkono kapitirize ntchito yake ya cholembera. Amenewonso muwakhomere bokosi musanawayatse.