Funso la fuko lamphamvu mu Civilization VI landikumbutsa usiku wina

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa m'bale wina amene amasewera Civilization VI, gemu yapakompyuta yomanga ufumu, ndi anzake, atatu mbali iyi atatu mbali inayo. Akuti timu yawo imagonja nthawi zonse gemu isanafike pakati, ndiye akufunsa kuti fuko lamphamvu kuposa onse ndi liti kuti azisankha limenelo.

Achimwene, funso lanu landifika pamtima, chifukwa inenso ndinalifunsapo kwa chaka chathunthu.

Ndinayamba gemuyi gawo lake lowonjezera la Rise and Fall litangotuluka mu 2018, ndipo Korea ndi amene anandigwira mtima. Seowon ya Mfumukazi Seondeok, imene imalowa m'malo mwa Campus (disitirikiti ya sayansi mumzinda), imakupatsa sayansi 4 pomwepo ukaimanga paphiri, bola usaiyandikize ndi madisitirikiti ena. Ndikamasewera ndi kompyuta palibe amene ankandipeza. Ndiye gawo lina lowonjezera, Gathering Storm, litabwera mu 2019 tinapangana ndi anzanga kusewera awiriawiri Loweruka usiku. Ine ndinatenga Korea osafunsa munthu. Mnzanga wa timu imodzi anatenga Mali wa Mansa Musa, poti amakonda golide. Aliyense anasankha chokoma kukamwa kwake.

Mapu atatseguka, ine ndinagwera kuseri, mapiri kumanzere, nyanja kumbuyo. Mnzanga anagwera pachigwa, moyang'anizana ndi Scythia. Amene mumaidziwa gemuyi mwaona kale kumene nkhaniyi ikupita. Tomyris, mfumukazi ya Scythia, akaphunzitsa msilikali mmodzi wa pakavalo wa gulu la light cavalry amatuluka awiri. Pomwe Mali amachedwa kupanga asilikali ndi nyumba, mphamvu yake yopangira zimenezi imadulidwa ndi 30 peresenti, ndipo amadalira kugula ndi ndalama zimene kumayambiriro amakhala asanazipeze. Mnzanga analemba katatu kuti akavalo aonekera kumalire. Ndinamuyankha kuti apirire pang'ono ndimalize Seowon yachitatu. M'thumba mwanga munali golide wokwana kumugulira oponya mivi awiri, koma ndinkasungira kugula malo a mzinda wanga. Likulu lake linagwa ine ndikuonerera, poti a timu imodzi mumaonerana mapu. Patangopita ma turn owerengeka akavalo omwe aja anali pakhomo panga, ine ndili ndi sayansi yambiri ndi msilikali mmodzi.

Chimene chinandipweteka si kugonjako. Mnzanga uja anakhala milungu itatu osalowanso gemu, ndipo atabwera anangoti, "Ndimaona ngati tili awiri." Mawu amenewo sindinawaiwale mpaka lero.

Ndiye ndinene mosabisa. Mindandanda ija imene mumaiona pa YouTube ndi Reddit, yoti uyu ali pamwamba uyu ali pansi, yambiri inapangidwira munthu amene akusewera yekha ndi kompyuta. Kompyuta ikhoza kukusiya ukumanga kwa nthawi yaitali. Munthu sangakusiye. Akaona kuti mzinda wako ulibe linga amabwera lero lomwe. Ndipo ndafika poti munthu amene amasankha Korea kapena Babylon pa timu osayamba wafunsa anzake kuti asunge malire ndani, ndimamuona ngati wodzikonda, ngakhale atakhala katswiri chotani. Mutu umodzi susenza denga, koma pa timu zambiri aliyense amafuna kukhala wokhala m'nyumba, wosenza n'kusowa.

Pali chinanso chimene chimandivuta mumtima. Anthu amaona ngati kutenga fuko lankhondo ndi ntchito yonyozeka, yopatsa amene sadziwa kuyendetsa chuma. Bodza limenelo. Yesani Shaka muone. Zulu amayamba kuphatikiza asilikali awiri kukhala gulu limodzi lamphamvu (corps) pa civic, ndiye kuti sitepe ya chikhalidwe, ya Mercenaries, ena onse akudikira Nationalism, ndipo army, yophatikiza atatu, amaipeza pa Nationalism pomwepo. Kuti mpata umenewo uugwiritse ntchito uyenera kuwerengera chikhalidwe chako, Ikanda yako (msasa wa asilikali) ndi Impi zako (asilikali a mikondo) kuti zonse zipsere limodzi. Ukachedwa pang'ono mwayi wapita. Ine Shaka ndimamusewera ndi mtima wina, poti agogo anga akuchimuna anali Mngoni, ndipo chipwirikiti cha nthawi ya Shaka ndi chimene chinachititsa Zwangendaba kuwoloka Zambezi mu 1835. Gemu siinena zimenezo, imangokupatsa mikondo ndi zishango, koma ndikaona Impi zikuyenda pamapu ndimakumbukira ngoma ya kwathu.

Komanso tisaiwale magetsi. Gemu ya Online speed, liwiro lofulumira kuposa onse, imafika ma turn 250 ikapanda kutha msanga, ndipo kwathu kuno kukhala maola asanu magetsi ndi intaneti zili bwinobwino si za tsiku lililonse. Wina akaduka, kompyuta imamugwirira ufumu wake ndipo imatha kumwaza asilikali amene anawaika bwino pamalire. Ife tinasamukira ku Play By Cloud, kumene aliyense amasewera turn yake akapeza mpata. Imachedwa, inde, koma inatiphunzitsa kukambirana pa WhatsApp tisanasunthe kanthu, ndipo timu yathu inayamba kupambana kuyambira pamenepo, mafuko ali omwe aja.

Tsono musankhe chiyani?

Pa atatu, mmodzi atenge wankhondo zoyambirira: Scythia, Sumeria ya Gilgamesh imene ngolo zake zankhondo, ma War-Cart, zimapezeka kuyambira turn yoyamba, kapena Nubia ndi oponya mivi ake a Pitati. Wachiwiri atenge woima pakati, ndipo Rome ya Trajan ndiyo yabwino, poti mzinda uliwonse watsopano umabwera ndi monument yaulere komanso msewu wopita kulikulu ukakhala pafupi, kenako asilikali ake amphamvu, ma Legion. Wachitatu yekha ndi amene angatenge Korea kapena Mali. Poti mumasankha musanaone mapu, mupanganiretu kuti amene wagwera pafupi ndi adani ndiye chishango, kaya ndi ndani, ndipo golide, chitsulo ndi akavalo a enawo zizipita kwa iye kudzera pa trade akangopempha. Tekinoloje ya Masonry musaichedwetse kuti malinga aime, ndipo mukaona akavalo kumalire, asilikali a mikondo, ma Spearman, amene amabwera ndi tekinoloje ya Bronze Working akhale alipo kale.

Loweruka likubwerali tili ndi gemu ina. Mnzanga uja watenganso Mali, ine ndatenga Nubia, ndipo tagwirizana kuti oponya mivi anga anayi oyamba akaima pa mzinda wake.