Kwa mayi amene akufuna kusintha kogula mafuta ophikira osauza eni dzina

Mayi wina wandilembera imelo sabata yatha. Ali ndi shopu ya nkhuku ndi tchipisi imene amayendetsa pa mgwirizano wa franchise, womulola kugwiritsa ntchito dzina la kampani yakunja pomalipira gawo la malonda ake, ndipo eni dzinawo amafuna kuti mafuta ophikira, ufa wopaka nkhuku ndi timabokosi toikamo chakudya azigula kwa ogulitsa amene iwo anawavomereza basi. Mitengo yakwera, ndalama zakunja sizikupezeka, ndipo iye wapeza wogulitsa wina wotchipirako. Funso lake ndi lakuti kodi angasinthe mwakachetechete, poti woyendera mashopu amabwera patalipatali.

Mayi, kalata yanu yandikhudza chifukwa ndinagwirapo ntchito m'shopu yotere ku Johannesburg, kuyambira potsuka mbale mpaka kufika poyang'anira khitchini, ndipo zimene mukulingalirazi ndinaziona zikuchitika ndi maso anga. Bwana wathu sanali munthu woipa mtima. Lendi inkamupanikiza, ngongole ya kubanki inkamudikira mwezi uliwonse, ndipo pa ndalama zonse zimene tagulitsa ankayamba wachotsa gawo la eni dzina ndi gawo la zotsatsa malonda asanawerengere phindu lake. Choncho anayamba ndi mafuta. Lamulo linali lakuti tizisefa mafuta tsiku lililonse ndi kuwataya akafika pa mlingo woikika, koma iye anatiuza kuti tiziwapitiriza mpaka atada ngati tiyi wopanda mkaka, kenako anayamba kubweretsa zigubu zopanda chizindikiro zimene tinkazibisa kuseri kwa shopu, pafupi ndi mabini a zinyalala. Nkhuku yokazinga inali ndi nthawi yake yokhala m'kabati yotenthetsera, ndipo nthawiyo ikakwana inkayenera kuchotsedwa, koma tinaphunzitsidwa kumata kapepala katsopano pamwamba pa kakale. Woyendera akatulukira ku shopu ina ya m'dera lathu, foni inkalira kutichenjeza, ndipo aliyense ankathamanga kukonza zinthu kuti zioneke bwino kwa maola awiri kapena atatu.

Chimene chinawonongeka choyamba sichinali kakomedwe ka tchipisi. Anali anthu ogwira ntchito. Mnyamata amene wauzidwa ndi bwana wake kuti anamize woyendera amaphunzira msanga kuti m'nyumba muno bodza n'lololedwa, ndipo posakhalitsa amayamba kunamiza bwana yemweyo pa kuchuluka kwa nkhuku zotsala ndi pa ndalama za m'kauntala. Zinachitikadi choncho. Makasitomala nawo sanabwere kudzadandaula, anangosiya kubwera, ndipo ena ankanyoza dzina lonse, kuphatikizapo mashopu a anzathu amene ankatsata malamulo mokhulupirika. Apa ndi pamene franchise imasiyana ndi bizinesi ya munthu payekha: wogula sasiyanitsa shopu yanu ndi ya mnzanu, chifukwa chikwangwani n'chimodzi, ndiye chinyengo cha mmodzi amalipira ndi onse.

Ndiye yankho langa ndi lakuti musasinthe mobisa, ndipo pa mfundo iyi sindikugwedezeka. Koma ndikanama ndikanena kuti eni dzina nthawi zonse amakhala olungama pa nkhani ya katundu. Kampani ya masangweji ya Quiznos ku America inafika pa mashopu pafupifupi 5,000 cha m'ma 2007, koma eni mashopu ambiri anaitengera kukhoti poidandaula kuti inkawakakamiza kugula zakudya ndi zipangizo kwa iyo pa mitengo yokwera, kwinaku ikuwauza kuti azigulitsa motchipa. Mashopu anatsekedwa ambirimbiri, ndipo mu 2014 kampaniyo inapempha chitetezo cha khoti chifukwa cha ngongole. Eni dzina amene amaona mwini shopu ngati kasitomala womugulitsa katundu, osati mnzawo pa malonda, amadzikumbira okha dzenje, ndipo ine sindiwamvera chisoni.

Ray Kroc, amene anatsegula shopu yake yoyamba ya McDonald's, kampani yogulitsa zakudya zophikaphika, ku Des Plaines m'dziko la America mu 1955, anasankha njira ina. Anakana kupeza phindu pogulitsa katundu kwa eni mashopu, ndipo ndalama zambiri za kampaniyo zinadzachokera ku gawo la malonda ndi ku lendi ya malo, kotero kuti shopu ikamayenda bwino kampani nayo inkapindula. Anali wouma mtima pa ukhondo ndi pa kaphikidwe, mpaka mu 1961 kampaniyo inatsegula sukulu yophunzitsa eni mashopu ndi mamanejala, yotchedwa Hamburger University. Komabe zakudya zina zotchuka za kampaniyi sizinachokere kulikulu. Lou Groen wa ku Cincinnati ankaluza malonda Lachisanu lililonse chifukwa anthu ambiri a m'dera lake anali Akatolika amene sankadya nyama tsikulo. Iye sanayambe kukazinga nsomba mobisa, koma anapita ndi maganizo ake kwa Kroc mu 1962. Kroc anali ndi sangweji yakeyake ya chinanazi imene ankaikhulupirira, ndiye anagwirizana kuti ziwirizo zigulitsidwe pa tsiku limodzi kuti aone imene anthu angaikonde. Ya nsomba inapambana, ndipo ikugulitsidwabe mpaka lero pa dzina la Filet-O-Fish. Sangweji ya nyama yotchedwa Big Mac nayo inayambitsidwa ndi mwini mashopu, Jim Delligatti wa ku Pennsylvania, amene anapempha chilolezo choiyesa mu 1967, ndipo mu 1968 inafalikira m'dziko lonse la America. Anthu awiriwa anali ndi vuto la kudera kwawo limene likulu silinkaliona, monga mmene inu mulili, ndipo anapambana chifukwa analiika poyera.

Ndiwonjezerenso kuti ngakhale dongosolo la likulu limatha kulephera. Mu February 2018, KFC ya ku Britain itasintha kampani yonyamula katundu n'kupereka ntchitoyo kwa DHL, nkhuku sizinafike m'mashopu, ndipo ambiri mwa mashopu pafupifupi 900 anatsekedwa kwa masiku angapo. Eni mashopu sanalakwe kanthu koma anataya malonda. Choncho mukamakambirana ndi eni dzina musadzione ngati wopempha chifundo. Kukhala ndi wogulitsa wachiwiri wovomerezeka kumateteza iwonso, makamaka kuno kwathu kumene kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022 ndiponso ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo katundu wochokera kunja amatha kuchedwa pa chifukwa chosowa madola. Munthu amene wakhala mu ofesi kunja kwa dziko sadziwa kulemera kwa zimenezi pokhapokha wina atamuonetsa manambala.

Za woyendera mashopu

Ambiri amamuona ngati wapolisi, ndipo ena mwa oyenderawo amadzionetsadi choncho, zimene zili zolakwika. Koma woyendera wabwino kwambiri amene ndinakumana naye anali mayi wina wachikulire amene akafika ankavala epuloni, n'kubaya nkhuku ndi choyezera kutentha pafupi ndi fupa, n'kutifunsa ife a m'khitchini chimene chikutivuta. Shopu ina itamuuza poyera kuti firiji yake ikulephera, anaithandiza kupeza nthawi yokonzera m'malo moidula mamalikisi. Ife amene tinkabisa zinthu sitinapindule naye konse, chifukwa sakanathandiza pa vuto limene sanauzidwe. Munthu ameneyu ndiye amanyamula mawu anu kupita nawo kulikulu, ndipo akadzapeza chigubu chobisika tsiku lina, zonse zimene mudzanene pambuyo pake adzazikayikira, ngakhale zoona. Mapangano ambiri a franchise amaika kugwiritsa ntchito katundu wosavomerezeka pa mndandanda wa zolakwa zimene zingathetse mgwirizano, ndiye mungataye shopu yonse pofuna kupulumutsa ndalama za mafuta.

Tsono chochita n'chochepa. Werengani pangano lanu ndipo muone ndime yonena za ogulitsa katundu, chifukwa nthawi zambiri imafotokoza njira yopemphera kuti wogulitsa watsopano avomerezedwe, komanso muone kuti pangano likutsata malamulo a dziko liti. Lembani mitengo ya miyezi yapitayi, masiku amene katundu anachedwa ndi malonda amene munataya. Pemphani wogulitsa watsopanoyo zikalata zake za Malawi Bureau of Standards ndi zitsanzo za katundu kuti eni dzina akaziyese okha. Lankhulani ndi eni mashopu anzanu a dzina lomwelo kuti mulembe kalata imodzi, chifukwa pempho la anthu angapo silinyalanyazidwa msanga. Yambani ndi timabokosi ndi mafuta, koma ufa wopaka nkhuku musauike m'pempholi, chifukwa kakomedwe kamene kasitomala amalipirira kali m'menemo ndipo n'zokayikitsa kuti angalole. Akakana popanda chifukwa chomveka, apempheni kuti akuchepetsereni gawo lawo kwa miyezi ingapo, ndipo yankho lililonse limene angapereke alilembe pa pepala.