Musabweze ATEM Mini Pro yanu musanaone pa Quality

Zikomo abambo chifukwa cha funso lanu. Mwafotokoza kuti mpingo wanu unagula ATEM Mini Pro ya kampani ya Blackmagic Design, makina osakaniza zithunzi za makamera angapo ndi kuziulutsa pa intaneti, koma mukamaulutsa mapemphero pa YouTube zithunzi zimaimaima mpaka oonera kudandaula, ndipo mukuganiza zobweza makinawo kwa amene anakugulitsani. Ndikupempheni kuti muyambe mwadikira kaye, chifukwa kawirikawiri vuto lotere limachokera pa mmene makinawo atcheredwera.

Tsegulani ATEM Software Control pa kompyuta, mupite pa Output, ndipo muone zimene zasankhidwa pa Quality. Mupezapo magulu awiri, la HyperDeck ndi la Streaming, lililonse lokhala ndi High, Medium ndi Low. Gulu la HyperDeck analipangira kujambula kanema wosunga pa disiki, moti ngakhale HyperDeck Low imafuna ma megabit oposa 10 pa sekondi, pamene Streaming Low imakhutira ndi 3 kapena 4 basi. Ambiri amakopeka ndi mawu akuti High n'kusankha HyperDeck High, kenaka intaneti imalephera kunyamula katunduyo. Umboni wake mudzauona pamene palembedwa Cache, mosungira kanema amene akudikira kutumizidwa: nambalayo ikamangokwera mpaka kudzaza, dziwani kuti makina akutulutsa zambiri kuposa zimene netiweki ikutha kutumiza.

Chimene chimasokoneza anthu n'chakuti makina amenewa amagwiritsa ntchito Quality imodzi yomweyo poulutsa ndi pojambulira pa disiki ya USB-C. Choncho simungaulutse pa Streaming Low uku mukusunga pa HyperDeck High. Ngati abusa akufuna kanema wooneka bwino woti adzakonzedwe pambuyo pake, ajambulidwe pa memori khadi ya mu kamera.

Ine ndingakulangizeni kuyambira pa Streaming Low, ndi kutchera makina ndi makamera onse pa 1080p25, kutanthauza kanema wa HD wa mafulemu (zithunzi) 25 pa sekondi. Pa ulaliki, pamene munthu waima pa guwa, mafulemu 25 pa sekondi ndi okwanira, ndiponso amagwirizana ndi magetsi athu a 50 Hz, kotero mababu saphethira pa kanema monga amachitira nthawi zina pa 30 kapena 60. Bandulo nayonso idzakhalitsa, pakuti ma megabit 3 pa sekondi amadya pafupifupi 1.4 GB pa ola, pamene ma megabit 6 a Streaming High amadya kuwirikiza kawiri.

Poyeza intaneti muziyang'ana upload (liwiro lotumizira), osati download (liwiro lolandirira), ndipo muyeze Lamlungu anthu atadzaza m'tchalitchi, chifukwa mafoni awo onse amalimbirana nsanja imodzi ndi rauta yanu. Ngati upload siikufika pa ma megabit 6, musakwere pa Streaming Medium. Lumikizani rautayo ku makinawo ndi waya wa Ethernet kuti doko la USB-C litsalire disiki, kenaka Loweruka muulutse kwa theka la ola pa Unlisted ya YouTube (pomwe amaonera okhawo amene ali ndi linki), maso ali pa Cache, ndipo mudzatiuze nambala imene mwaona.