Mapointi a pa kirediti khadi ndiwatumize ku kampani ya ndege iti?

Mayi wina amene amawerenga tsamba lino watilembera imelo. Akuti: "Ndili ndi mapointi 140,000 pa kirediti khadi, ndipo banki imalola kuwasamutsira ku makampani angapo a ndege. Ine ndi amuna anga timapita kunja kamodzi pachaka, makamaka m'Disembala. Anzanga ena akuti Flying Blue, ena Aeroplan, ena Avios. Ndisankhe iti kuti ndingowasamutsa onse ndithane nazo?"

Zikomo mayi polemba. Flying Blue ndi pulogalamu ya mapointi ya Air France ndi KLM, Aeroplan ndi ya Air Canada, ndipo Avios ndi mapointi a British Airways ndi makampani ena angapo. Mawu akuti "onse ndithane nazo" ndi amene atidetsa nkhawa. Chonde musasamutse ngakhale pointi imodzi panopa. Mapointi akachoka ku banki n'kulowa mu akaunti ya kampani ya ndege sabwereranso, kaya mudandaule bwanji pa foni. Akadali ku banki mutha kupita nawo kulikonse kumene kwatchipa. Akalowa ku kampani imodzi ndiye kuti mwamangika, ndipo ikakweza mitengo mulibe kothawira. Kukwezako kumachitika kawirikawiri, nthawi zina popanda chenjezo. Delta inachotsa mndandanda wa mitengo ya mamailosi (mapointi a kampani ya ndege) pa webusaiti yake mu 2015, United inatsatira mu 2019, ndipo kuyambira pamenepo mtengo wa pa ndege zawo umangosintha malinga ndi tsiku komanso kuchuluka kwa ofuna kukwera. Choncho mpando uyambe wapezeka, kenako mapointi atsatire.

Makampani akuluakulu ambiri ali m'magulu atatu. Mu Star Alliance muli United, Air Canada, Lufthansa, Turkish Airlines, Singapore Airlines ndi Ethiopian Airlines. Mu oneworld muli British Airways, American Airlines, Qatar Airways ndi Cathay Pacific. Mu SkyTeam muli Air France, KLM, Delta ndi Kenya Airways. Mamailosi a kampani imodzi amagula mpando pa ndege ya inzake ya m'gulu lomwelo. Mapointi a Aeroplan, omwe ndi a Air Canada, angakukwezeni pa Ethiopian kuchoka ku Washington mpaka ku Addis Ababa osaponda n'komwe ku Canada. Apa ndi pamene pagona nkhani: mpando umodzi womwewo, tsiku lomwelo, Aeroplan iutchula mtengo wake, United wake, LifeMiles ya Avianca wakenso. Simukukakamizidwa kugula kwa mwini ndege.

Yambani ndi kuona makampani amene amauluka kuchoka pa bwalo la ndege lomwe mumakwerera kupita kumene mukufuna, muone magulu awo. Kenako tsegulani tsamba la banki yanu, muone mapulogalamu amene imatumizako mapointi komanso muyezo wake. Ambiri ndi pointi imodzi pa mailosi imodzi, koma si onse, ndipo khadi la American Express la dziko lina lingakhale ndi muyezo wosiyana ndi la dziko linzake. Mapulogalamu amene akupezeka mbali zonse ziwiri, mwina atatu kapena anayi, ndi amene mutsegulire maakaunti. Kutsegula ndi kwaulere. Dzina lilembedwe ndendende ngati mmene lilili pa khadi, chifukwa likasiyana, mwachitsanzo kwina dzina la kwanu kwina la ku banja, kusamutsa kumakanika kapena akaunti imatsekedwa kaye.

Mukafufuza ulendo wanu pa pulogalamu iliyonse, lembani manambala awiri: mapointi, ndi ndalama zimene akufuna pamwamba pake. Nambala yachiwiriyi ndi imene imapweteka anthu ambiri. Mbali ina ndi misonkho ya boma ndi ya bwalo la ndege, yomwe palibe angaizembe. Pafupifupi aliyense woyambira ulendo ku United Kingdom, mwachitsanzo, amalipira msonkho wa Air Passenger Duty, ndipo imakwera ulendo ukakhala wautali kapena mpando ukakhala wa business class. Koma mbali ina ndi ndalama yomwe kampani ya ndege imangowonjezera yokha. Kale ankati ndi ya mafuta, ndipo pa tikiti imaoneka ndi zilembo YQ kapena YR. British Airways ndi Lufthansa amadziwika nayo kwambiri, moti pa ulendo wautali wa business class imafika madola mahandiredi angapo popita pokha. Chofunika kudziwa n'chakuti si pulogalamu iliyonse imene imakulipiritsani ndalamayi. Aeroplan inasiya mu Novembala 2020, ngakhale imatenga madola 39 a ku Canada pa tikiti ya ndege ya kampani ina. United ndi LifeMiles nawonso salipiritsa. Mpando wa Lufthansa wogulidwa kudzera ku pulogalamu yake ya Miles & More umabwera ndi YQ, koma womwewo kudzera ku Aeroplan ulibe.

Masamu ake ndi awa. Tengani mtengo wa tikiti pa ndalama, chotsanipo zimene mungalipire pamwamba pa mapointi, zotsalazo mugawe ndi mapointi. Tingoyerekeza tikiti ya madola 900. Pulogalamu yoyamba ikufuna mapointi 70,000 ndi madola 250, ndiye kuti mapointiwo akupulumutsa madola 650, pointi iliyonse masenti 0.93. Yachiwiri ikufuna 80,000 ndi madola 80: mwapulumutsa 820, pointi iliyonse masenti 1.03. Yomwe imaoneka yodula ndi imene ikukupatsani zambiri. Yankho limenelo muliyerekezere ndi zomwe banki ikanakupatsani mukanasintha mapointi kukhala ndalama. Likatsika kuposa pamenepo, gulani tikiti ndi ndalama, mapointi adikire ulendo wina.

Tsopano za Disembala, ndipo tisakunamizeni, ndi mwezi wovuta. Mipando imene kampani imatulutsa pa mtengo wotsika wa mamailosi ndi yochepa, ndipo inu mukufuna iwiri. Makampani ambiri amatsegula ndandanda ya maulendo kukatsala masiku 330 mpaka 360, British Airways pa masiku 355, ndiye kuti mipando ya Khirisimasi imayamba kutha mu Januwale. Ina imatulukanso kukatsala milungu iwiri, koma kudalira imeneyo ndi kusewera ndi ulendo. Ngati mungasunthe tsiku ndi masiku awiri kapena atatu, kapena kunyamuka pakati pa sabata, mwayi umakula ndithu. Fufuzaninso ulendo wopita pawokha, wobwerera pawokha, popeza palibe choletsa kupita ndi Flying Blue n'kubwerera ndi Aeroplan. Izinso n'zosatheka kwa munthu amene anathira mapointi onse malo amodzi. Mukapeza mpando umodzi wokha, tengani umenewo ndi mapointi, wa bambo mugule ndi ndalama pa ndege yomweyo.

Pali msampha wina. Nthawi zina webusaiti imaonetsa mpando wa kampani inzake womwe unatha kale, chifukwa makompyuta awo sanauzane. Munthu amasamutsa mapointi, pofika polipira tsamba n'kukana. Musanasamutse, onani ngati mpandowo ukuonekanso pa pulogalamu ina ya gulu lomwelo, kapena imbani foni akutsimikizireni. Kusamutsa kwambiri kumatenga mphindi zochepa, koma kwina, monga kuchoka ku American Express kupita ku kampani ya ndege ya ku Japan ya ANA, kumatenga tsiku kapena kupitirira, ndipo mpando sukudikirani. N'chifukwa chake ndi bwino kutumiza mapointi 1,000 okha ongoyesera miyezi ingapo ulendo usanafike, kuti mudziwe ngati maakaunti alumikizana komanso nthawi imene zimatenga.

Otsala akhale ku banki, chifukwa ku makampani a ndege ena amafa. A Aeroplan amafa akaunti ikakhala miyezi 18 osagwiritsidwa ntchito, a Flying Blue miyezi 24, Avios a British Airways miyezi 36. A KrisFlyer ya Singapore Airlines amafa pakatha miyezi 36 chilowereni, kaya akaunti ikuyenda. A United ndi Delta safa. Ku banki nako samalani: mukatseka khadi musanawachotse, nthawi zambiri amapita nalo limodzi. Ndipo ngongole ya pa khadi izilipidwa yonse mwezi ndi mwezi, chifukwa chiwongoladzanja chimadya phindu la mapointi msanga kwambiri.

Pa atatu amene anzanu atchulawo, maganizo athu ndi awa. Ngati njira yanu ili ndi ndege za Star Alliance, yambirani ku Aeroplan. Kuwonjezera pa kusalipiritsa YQ, imalola kuima masiku angapo mumzinda wa panjira, kunja kwa Canada ndi United States, powonjezera mapointi 5,000. Ngati mumadutsira ku Paris kapena Amsterdam, yang'anani Flying Blue, makamaka Promo Rewards, mitengo yotsitsidwa yomwe imasintha mwezi uliwonse. Avios imakoma pa maulendo aafupi osasintha ndege, ndipo mutha kuisuntha pakati pa British Airways, Iberia, Aer Lingus, Qatar Airways ndi Finnair, choncho pa ulendo wautali yesani kudutsira ku Doha ndi Qatar Airways, muyerekezere ndi ndalama zowonjezera za kudutsira ku London. Tsegulani maakaunti onse atatu sabata ino, mufufuze masiku anu, ndipo mukapeza mipando iwiri yotsimikizika musamutse mapointi okwanira matikitiwo basi, mugule nthawi yomweyo.