Amalume akuti ndikawagwirizire mpando m'bodi ya kampani: ndivomere?

Mayi wina wa kwathu amene amakhala ku Johannesburg wanditumizira imelo. Amalume ake ndi mmodzi mwa madayilekitala atatu a kampani yaing'ono ya mathiraki, yonyamula katundu kuchoka ku South Africa kudzera ku Beitbridge ndi Tete mpaka ku Blantyre. Tsopano akupita kumudzi kwa miyezi ingapo kukadwazika mayi awo, ndipo apempha mwana wa mlongo wawoyu kuti awagwirizire mpando. Akuti palibe chovuta: azingopita kumisonkhano, kusayina kuti analipo, ndipo za kavotedwe azimuuza pa WhatsApp. Funso lake ndi lakuti, popeza iye si dayilekitala weniweni koma wongogwirizira, kodi pali choopsa chilichonse?

Achemwali, choopsa chilipo, ndipo chagona pa mawu anu omwewo akuti "si weniweni". Kampaniyi inalembetsedwa ku South Africa, choncho imayendera lamulo la Companies Act 71 la 2008, lomwe linayamba kugwira ntchito pa 1 May 2011. Lamuloli limatcha munthu ngati inu alternate director, ndipo m'gawo loyamba lenilenilo, pofotokoza kuti dayilekitala ndi ndani, limaphatikizamo wogwirizira. Gawo 76 lonena za khalidwe la madayilekitala komanso gawo 77 lonena za kulipira zimene zawonongeka amabwerezanso zomwezo. Mukangokhala pampandowo, lamulo silionanso amalume. Likuona inu. Zili ngati kuyendetsa galimoto yobwereka: mukadutsa loboti itafiira, apolisi salemba dzina la mwini galimoto amene ali kunyumba, amalemba la amene wagwira chiwongolero.

Poyamba, amalume sangakuikeni pampando ndi pakamwa chabe. Kampani iliyonse ili ndi chikalata cha malamulo ake chotchedwa Memorandum of Incorporation, ambiri amangoti MOI. Gawo 66 limati chikalatachi chikhoza kulola kuti pakhale ogwirizira, ndipo ndi icho chimene chimanena amene ali ndi mphamvu yowasankha. Limanenanso kuti m'kampani yopanga phindu, theka kapena kuposerapo la ogwirizira azisankhidwa ndi eni masheya. Inunso muyenera kuvomera polemba, kenako kampani idziwitse ofesi ya boma yolembetsa makampani ya CIPC pa fomu ya CoR39 pasanathe masiku 10 ogwira ntchito. Zimenezi zikadumphidwa, voti yanu ikhoza kutsutsidwa tsiku lina madayilekitala akadzayambana, koma musaganize kuti kusalembetsedwako kukutetezani ngati munkachita zinthu monga dayilekitala. Choncho pemphani MOI muiwerenge nokha.

Chimene chandidetsa nkhawa kwambiri m'kalata yanu ndi nkhani ya WhatsApp ija. Gawo 76 limafuna kuti dayilekitala azichita zinthu ndi mtima woona, mokomera kampani, komanso mosamala ndi mwaluso monga angachitire munthu wanzeru pa udindo umenewo. Mokomera kampani, osati mokomera amene anakusiyirani mpando. Makhoti a ku South Africa anaikhazikitsa kale mfundoyi: mu 1980, pa mlandu wa Fisheries Development Corporation ndi Jorgensen, woweruza Margo ananena kuti dayilekitala si wantchito kapena mthenga wa amene anamuika, ndipo ayenera kugwiritsa ntchito nzeru zake. Kumva maganizo a amalume sikulakwa, iwo ndi amene akuidziwa bizinesiyi. Koma ngati uthenga wawo ukuti votera, pamene mapepala amene ali patebulo akusonyeza kuti zimenezo zivulaza kampani, simudzatha kuuza khoti kuti "ndinangotumidwa".

Ndipereke chitsanzo chimene chikhoza kukugwerani. Tinene kuti December wayandikira ndipo madayilekitala awiri enawo akufuna kugawa phindu kwa eni masheya. Gawo 46 limati bodi isanagawe ndalama iyenera kudzifunsa mafunso awiri a m'gawo 4: kodi katundu wa kampani akufanana kapena kuposa ngongole zake, ndipo kodi kampaniyo ikwanitsa kulipira ngongole zake pa nthawi yake m'miyezi 12 ikubwerayi? Kampani ya mathiraki imatha kuoneka yolemera pamene mathirakiwo ndi a ngongole ya kubanki, dizilo anatengedwa pa ngongole, ndipo makasitomala akuchedwa kulipira. Ngati ndalama zagawidwa mosemphana ndi lamulo, gawo 77 limagwira dayilekitala aliyense amene analipo pamsonkhanowo ndipo sanavote motsutsa ngakhale ankadziwa. Taonani bwino pamenepo. Kukhala chete sikukupulumutsani, kukana kuvota mbali iliyonse sikukupulumutsaninso. Chofunika ndi kuvota kuti ayi, ndi kuonetsetsa kuti ayi wanuyo walembedwa m'maminitsi. Ndipo "kudziwa" m'lamuloli sikutanthauza zokhazo zimene munauzidwa. Kumaphatikizapo zimene munayenera kuzidziwa kapena kuzifufuza pa udindo wanu. Munthu amene wangobwera kudzadzaza mpando, wamanyazi chifukwa ndi mlendo ndiponso wamng'ono pa onse, ndiye amagwa mosavuta mumsampha umenewu.

Chimodzimodzinso ngati kampani ikuchita bizinesi mosasamala za zotsatira kapena ndi cholinga chobera anthu, zimene gawo 22 limaletsa. Dayilekitala amene akudziwa koma n'kungolekerera akhoza kulipira za m'thumba mwake, ndipo ngati olakwa ndi angapo, ndalama zonse zikhoza kufunidwa kwa mmodzi. Nthawi yosumira ndi zaka zitatu, ndipo kusintha kwa lamulo kwa mu 2024 kunapatsa makhoti mphamvu yoitalikitsa. Amalume adzakhala atabwerera kalekale pampando wawo, inu nkhani ya msonkhano umodzi ikukutsatirani. Palinso gawo 162, lolola khoti kugamula kuti munthu ndi wosayenera kukhala dayilekitala. Silongolembedwa papepala ayi: mu May 2020 khoti lalikulu ku Pretoria linaletsa Dudu Myeni, amene anali wapampando wa bodi ya South African Airways, kukhalanso dayilekitala moyo wake wonse. Kampani ya amalume ndi yaing'ono, koma gawo lake ndi lomwelo.

Sindikufuna kuti muthawe udindo uliwonse chifukwa cha mantha. Lamulo lomwelo limateteza munthu woona mtima. Ngati munachita khama kuti muimvetse nkhani, mulibe phindu lanulanu pa nkhaniyo, ndipo munali ndi chifukwa chomveka chokhulupirira kuti chigamulocho chikomera kampani, simungaimbidwe mlandu chifukwa chakuti bizinesi sinayende bwino. Mukuloledwanso kudalira akauntanti, loya kapena wantchito wa kampani amene muli ndi chifukwa chomukhulupirira. Ndipo kwa munthu wofuna kuphunzira kayendetsedwe ka kampani, kugwirizira mpando ndi sukulu yabwino kwambiri. Ndimasangalala ndikaona ana a kwathu, makamaka amayi, akulowa m'zipinda zimene zigamulo zimapangidwira. Koma mulowemo maso ali otsegula.

Komabe funso limene ndikanayamba kuwafunsa amalume ndi lakuti, kodi wogwirizirayo akufunikadi? Gawo 73 limalola bodi kuchita msonkhano pa foni kapena pa intaneti, malinga ngati MOI sikuletsa ndipo onse akutha kumvana ndi kulankhulana nthawi imodzi. Gawo 74 limalolanso kuti chigamulo chipangidwe popanda msonkhano, madayilekitala ochuluka akavomereza polemba, bola aliyense anadziwitsidwa za nkhaniyo. Ngati netiweki ya kumudzi ikukwanira kuti azikutumizirani malangizo a kavotedwe, ikukwaniranso kuti avote okha. M'mayiko ena udindowu anaumangiriradi ku kutalikira: ku India, lamulo la 2013 limalola wogwirizira pokhapokha dayilekitala akachoka m'dzikomo kwa miyezi yosachepera itatu. Koma lero kutalika kwa mtunda sikuletsanso munthu kukhala nawo pamsonkhano. Sindikuwaganizira zoipa amalume anu, mwina sakudziwa kuti njirazi zilipo. Kungoti ngati atazimva n'kumaumirirabe kuti dzina lanu ndilo lilembedwe, muli ndi ufulu wofunsa chifukwa chake.

Mukasankha kuvomera, musanasayine kalikonse pemphani malipoti a zachuma a chaka chatha, mabuku a miyezi yaposachedwa, maminitsi a misonkhano ingapo yapitayi, ndi umboni wakuti msonkho wa ku SARS, bungwe lotolera misonkho ku South Africa, ukulipidwa. Funsani ngati kampani ili ndi inshulansi yoteteza madayilekitala, imene gawo 78 limalola, komanso ngati ikukhudza ogwirizira. Dziwani kuti siteteza wolakwa mwadala. Kalata yokusankhani inene tsiku loyamba ndi lomaliza, ndiponso kuti mudzilandira mapepala a msonkhano uliwonse nthawi ikadalipo. Ngati inu kapena amuna anu muli ndi phindu pa nkhani imene ikukambidwa, mwachitsanzo thiraki yanu ikufuna kubwerekedwa ndi kampani, gawo 75 limati muulule ndipo mutuluke anzanu akamakambirana. Amalume akadzabwerako, musangotsanzikana pakamwa. Lembani kalata yotula pansi udindo, ndipo mudzaone nokha kuti dzina lanu lachotsedwa ku CIPC. Ndalama zochepa zimene mungalipire loya kuti akuwerengereni MOI ndi kalatayo si zotaya.

Ndikudziwa kuti chovuta chenicheni si magawo a lamulo amenewa. Chovuta ndi kuyankha amalume, mwina amene anakulipirirani sukulu kapena kukulandirani mutangofika ku Joni, pa nthawi imene akudwazika. Kwathu mwana sawafunsa amalume kuti "ndionetseni mabuku". Koma zikhoza kunenedwa mwaulemu. Mukhoza kuwauza kuti: "Amalume, ndathokoza kuti mwandikhulupirira, ndipo ndikufuna kukuthandizani. Ndamva kuti lamulo la kuno limandiona ngati dayilekitala wathunthu, ndiye ndikupempha ndione kaye mapepala a kampani, komanso mundilole kuti pamene ndaona zosayenda ndizitha kuvota kuti ayi. Ngati zimenezi zikuvuta, ndikhoza kukuthandizani kukonza zoti muzilowa misonkhano pa foni muli kumudziko." Akavomera kukupatsani mapepalawo ndi ufulu wovota monga mwaonera, landirani udindowo. Akakana chimodzi mwa ziwirizi, malangizo anga ndi akuti musasayine.