Yankho kwa alamu pa za ulendo wa ku Changuu

Alamu, ndamva funso lanu lakuti kodi n'koyenera kupita ndi ana ku Prison Island mukadzafika ku Zanzibar, ndiponso ngati pakufunika tsiku lonse. Pitani nawo ndithu, koma theka la tsiku likukwana, chifukwa kachilumbako, kamene eni ake amakatcha Changuu, kutalika kwake sikufika ngakhale kilomita imodzi.

Maboti a injini amanyamukira pagombe la ku Stone Town, chigawo chakale cha mzinda wa Zanzibar, pafupi ndi paki ya Forodhani, ndipo ulendo wake ndi wa mphindi 30 kapena kucheperapo. Mugwirizane mtengo wopita ndi kubwera musanakwere, mudziwenso kuti ndalama yolowera pachilumba ndi yapadera. Ana avale majekete oyandamitsa ngakhale woyendetsa atanena kuti nyanja ili bata. Ndikulangizani kunyamuka m'mawa, chifukwa masana mphepo imakula, makamaka miyezi ya June ndi July pamene kukuwomba mphepo yotchedwa kusi, imene imavundula nyanja monga umachitira mwera kwathu kuno.

Chimene ana adzakondwere nacho ndi akamba akuluakulu a mtundu wa Aldabra. Oyamba anali anayi, ndipo anabwera mu 1919 ngati mphatso yochokera kwa bwanamkubwa wa ku Seychelles. Ena mwa iwo apitirira zaka 100, ndipo mukaima pafupi mumamva kupuma kwawo kwamphamvu pamene akutambasula khosi lamakwinya lija. Ana asawakwere pamsana, ngakhale aone ena akutero.

Dzina la ndende lisakuopseni. Nyumba ya ndendeyo inatha kumangidwa mu 1894 koma akaidi sanasungidwemo. Inasanduka malo osungirako apaulendo amene ankaganiziridwa kuti ali ndi matenda opatsirana monga yellow fever.

Pa za kusamba ndiye ndikuchenjezeni kwambiri, popeza inu munazolowera mchenga wa ku Salima. Chilumbachi n'cha miyala ya korali, yakuthwa kwambiri, ndipo madzi akaphwa pamaonekera tinyama takuda taminga itali-itali timene timabaya phazi n'kuthyokera momwemo. Aliyense akhale ndi nsapato za pulasitiki zolowa nazo m'madzi, ndipo mufunse a boti nthawi imene madzi adzadzaze tsiku limenelo. Korali wamoyo musamuponde kapena kumuthyola, chifukwa amakula pang'onopang'ono kwambiri. Madzi akumwa mugulire ku Stone Town, pakuti pachilumbapo zinthu n'zokwera mtengo.