Mwana wanga akachoka ku kwaya mawu amasasa

Funso: Mwana wanga wamkazi ali Fomu 3 kuno ku Mangochi ndipo amayimba sopulano mu kwaya ya kutchalitchi. Loweruka lililonse akachoka kokonzekera nyimbo, mawu amasasa mpaka Lolemba. Anzake akuti azimeza mazira aawisi. Iye akufuna adzaphunzire zoyimba akalemba MSCE. Ndimuthandize bwanji?

Yankho: Mayi, mazirawo mungomukazingira adyere nsima. Munthu akamameza, njira ya mpweya imatsekeka ndipo chakudya chimalowera kumimba. Dzira, uchi kaya jinja sizifika pamene mawu amapangidwira.

Mawu amachokera pa timinofu tiwiri ta m'kholingo, ndipo kwa mtsikana sitifika masentimita 2 kutalika. Mpweya ukamatuluka m'mapapo timinofuti timagundana, pafupifupi ka 200 pa sekondi akamayankhula, ka 440 akamayimba noti ya A imene a sopulano amaidutsa kawirikawiri. Akakuwa maola atatu kulimbana ndi kiyibodi ndi masipika, timatupa n'kulephera kutsekana bwino. Kusasako n'kumeneko. Zikamachitika sabata ndi sabata pamamera tizikang'a, ngati ta m'manja mwa mlimi, ndipo manoti apamwamba ndi amene amayamba kusowa.

Chimene chingamuthandize kwambiri ndi kapaipi komwera juwisi ndi botolo la madzi. Katswiri wa sayansi ya mawu wa ku America, Ingo Titze, anafufuza kwambiri za kuyimbira m'kapaipi. Potulukira mpweya pakachepa, mpweya wina umakankha chobwerera ku kholingo, ndiye timinofu tija timanjenjemera popanda kumenyana mwamphamvu. Athire madzi theka la botolo, nsonga ya kapaipi imire sentimita 1 kapena 2 basi. Milomo igwire kapaipiko bwinobwino, atulutse "uuu" kwa masekondi 5 pa noti imene sakuvutika nayo. Thovu lizituluka mofanana, masaya azigwedezeka. Kenako azikwera kuchoka pansi kufika pamwamba n'kutsikanso, osadukiza, ndipo pomaliza ayimbire m'kapaipimo nyimbo imene akuphunzira, osatchula mawu a nyimboyo. Mphindi 3 mpaka 5, katatu patsiku, zimaposa ola lathunthu kamodzi pa sabata.

Ambiri amalakwitsa pomiza kapaipi mpaka pansi pa botolo. Madzi akachuluka pamwamba pa nsonga, munthu amakankha ndi khosi, mitsempha n'kutuluka, chomwe tikuthawa chija. Ena mpweya umathawira m'mphuno. Atsine mphuno ali mkati moyimba, ndipo kamvekedwe kakasintha ndiye kuti ukuthawadi.

Asanayambe kwaya azitenthetsa mawu mphindi 10: kung'ung'udza "mmm" mpaka milomo imve kunyerenyesa, kenako kunjenjemeretsa milomo kuti "brrr" uku akukwera ndi kutsika. Milomo ikamakana, akankhe masaya m'mwamba pang'ono ndi zala ziwiri. Za mpweya, aike manja m'mbali mwa nthiti zam'munsi, apume kuti nthitizo zifutukuke koma mapewa asakwere, atulutse "sss" pang'onopang'ono masekondi 15, azionjezera m'kupita kwa masabata.

Kutentha kwa Mangochi mu Okutobala ndi Novembala kumaumitsa kukhosi. Madzi amatenga nthawi kuti afike m'thupi monse, choncho azimwa kuyambira m'mawa, osati kugugudiza botolo pakhomo pa tchalitchi. Atalikirane ndi utsi wa nkhuni ndi wa powamba nsomba. Mawu akasasa asayimbe, ndipo asamanong'one poganiza kuti akupumitsa kholingo, chifukwa kunong'ona nakonso kumalitopetsa. Angochepetsa zoyankhula.

Mukaonanenso ndi mphunzitsi wa kwaya. Atsikana ambiri amaikidwa ku sopulano chifukwa choti kumeneko n'kumene kuli anzawo, pomwe mawu awo ndi a alito. Amuyese ku alito mwezi umodzi muone ngati kusasako kupitirire. Kukapitirira masabata atatu ngakhale akupuma, pitani naye kuchipatala cha boma, ndipo ngati pakufunika angamutumize kwa madokotala a makutu, mphuno ndi kukhosi ku Queen Elizabeth Central Hospital ku Blantyre.

Za sukulu, nyimbo zimaphunzitsidwa ku University of Malawi ku Zomba, ku MUST ku Thyolo komwe kuli digiri ya African Musicology (maphunziro a nyimbo za ku Africa), komanso ku Music Crossroads ku Lilongwe. Ku mayunivesite a boma mawu okoma sakulowetsa munthu: pamafunika makirediti 6 pa MSCE, Chingerezi chili pomwepo. Pakadali pano aphunzire kuwerenga solofa ndi manoti a pamizere, agwireko ndi kiyibodi. Ndikuuzeni mosabisa kuti amene amadya za kuyimba kokha m'Malawi muno ndi ochepa. Ambiri amaphatikiza ndi kuphunzitsa, kutsogolera makwaya kapena ntchito ya mu situdiyo, ndipo wodziwa kuwerenga nyimbo ndi kuyimba chida ndiye amapeza ntchito zimenezi msanga.